Nyumba yolandirira alendo ku Senga Bay: zotsukira ndi mabini ndigule zotani?

Mwini nyumba ku Senga

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene muli kale ndi malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja, kapena amene munagwirapo ntchito yosamalira nyumba zoterezi.

Malemu bambo athu anatisiyira nyumba ku Senga Bay, chakumtunda pang'ono kuchoka pamchenga. Abale anga ali kutali, ndiye udindo woiyang'anira wagwera ine amene ndili ku Lilongwe kuno. Ili ndi zipinda zogona zitatu, mabafa awiri a zimbudzi zamadzi, khitchini, ndi khonde lalikulu loyang'ana kunyanja. Pabalaza ndi m'mabafa tinaika matailosi, koma kuzipinda ndi pakhonde pakadali simenti yofiira ija yopaka Cobra. Madzi ndi apamjigo, timapopera m'thanki. Tagwirizana kuti tiyambe kulandira alendo olipira, ogona masiku awiri kapena atatu, ndipo banja loyamba lasungitsa kale malo pa holide ya Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala.

Mabedi, maneti ndi ziwiya ndathana nazo. Zimene zikundizunguza mutu ndi ziwiri.

Choyamba ndi zotsukira. Ndikaima pa mashelefu a mu Chipiku ndimapeza mabotolo ambirimbiri: Jik, Domestos, Harpic, Handy Andy, Vim, wina wa magalasi, wina wa mu uvuni, wina wonunkhiritsa pansi. Ndi mmene mitengo ilili masiku ano sindingagule zonse, komanso sindikufuna kuti mlendo adzapeze bafa la mawanga n'kukalemba pa Airbnb, tsamba la pa intaneti losungitsirapo malo ogona, kuti nyumba ya bambo anga ndi yauve. Ndamvanso kuti mankhwala amphamvu amawononga thanki ya chimbudzi, ndipo yathu ndi yakale, ili pafupi ndi nyanja. Zofunikadi ndi ziti?

Chachiwiri ndi mabini. Mwana wa mchemwali wanga, amene akundithandiza kuika nyumbayi pa intaneti, akuti alendo akunja amafuna kusiyanitsa zinyalala, mabotolo paokha, zitini pazokha. Ndinaona mabini atatu amitundumitundu, opondera ndi phazi, m'sitolo ina m'tauni muno, okongola ndithu koma odula. Vuto ndi lakuti kwathu kuja sikubwera galimoto yotola zinyalala. Bambo anali ndi dzenje kuseri kwa nyumba, likadzaza ankayatsa moto. Ndiye ndikagula mabini atatu, mlendo n'kuvutika kusankha bwinobwino, mawa lake zonse n'kukathera m'dzenje limodzi lomwelo, ndiye kuti ndamunamiza. Zimenezo sindikufuna. Komanso mbuzi ndi agalu a m'mudzi amalowa pampanda, apusi nawo amabwera.

Pamalopo pali mayi wina wa m'mudzi momwemo amene wakhala akusesa chiyambire nthawi ya bambo, ndi mwana wake wamwamuna amene amasamalira pabwalo. Ine ndizitha kupitako mwina kawiri pamwezi. Ndithandizeni chonde.

Wa ku Chembe

Mayi, takulandirani ku ntchito yathu ino. Ine ndili ku Chembe, ku Cape Maclear, ndi tinyumba tingapo ta alendo. Ndiyankhapo za mabini, za sopo alipo odziwa kuposa ine.

Musayambire kusitolo ayi. Mukapita ku Senga ulendo uno, khalani pansi ndi mayi amakusamalirani nyumbawo, muwafunse chinthu chimodzichimodzi chimene mlendo amataya kuti m'mudzimo angachifune ndani. Mudzapeza kuti zambiri zili ndi ozifuna kale. Mukadziwa kumene chinthu chikupita, m'pamene muzagule choikamo. Bini imene simukudziwa kuti ikadzaza mudzapita nayo kuti, imeneyo musagule.

Tiyambe ndi mabotolo agalasi a Green, Kuche Kuche, Coke ndi Fanta. Amenewa si zinyalala, ndi ndalama, amabwerera kwa ogulitsa. Safuna bini, amafuna kireti yopanda kanthu pakhonde. Mmalawi aliyense akaiona adziwa chochita. Mlendo wakunja yekha ndiye wofunika kumuuza, chifukwa kwawo ambiri anazolowera kuponya botolo lililonse m'bini ya magalasi n'kumva likusweka. Ovuta ndi mabotolo a vinyo ndi a mowa waukali, amene sabwezedwa. Ine ndimawaunjika pakona ya mpanda, ena tinawazika chadodolido m'mphepete mwa dimba la maluwa, ndipo alipo anyamata amene amawadula n'kupanga matambula. Losweka likhale ndi chitini chakechake chotseka. Kunyanja aliyense amayenda wopanda nsapato, alendo ndi ana a m'mudzi omwe, ndiye galasi losweka lisapite kudzala.

Mabotolo apulasitiki a madzi ndi a zakumwa amawafuna amayi ogulitsa thobwa ndi ogulitsa mafuta ophikira oyeza. Zigubu za malita 5 ndiye sizigona n'komwe, anthu amachita kupempha. Koma apa pali chinthu choti mulembe pakhoma: botolo asaliphwanye, ndipo chitsekero achibwezerepo. Alendo ochokera ku Ulaya amaponda botolo kuti liphwatalale poganiza kuti akukuthandizani, pamene mayi wa thobwa botolo lophwatalala alibe nalo ntchito. Choikamo chake ndi saka chabe, lokoleka pamsomali pamthunzi.

Zitini za mowa ndi za zakumwa ndi za aluminiyamu, ogula zitsulo zakutha amazitenga, ndipo zina zimakathera kwa amisiri osungunula n'kuumba mapoto. Ndi zopepuka, ndiye zimatenga nthawi kuti zikwane kilo, koma sizinunkha mukazitsukuluza. Saka lina limenelo.

Tsopano zotsala za chakudya. Apa m'pamene pagona nkhani, chifukwa izi ndi zimene zimaitana ntchentche, mphemvu, agalu ndi apusi anuwo. Mukutsegula mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Matumbo a chambo akagona m'bini usiku umodzi, m'mawa muli mphutsi, ndipo fungo lake limalowa nyumba yonse. M'khitchini muike kandowa kakang'ono, ka malita 10 basi, ka chivindikiro chothina. Ndanena kakang'ono dala, kuti kazidzaza msanga, kazikhuthulidwa madzulo alionse n'kutsukidwa. Makoko a nthochi, a mbatata, masamba otsala ndi zikungwa za mazira zipite kudzenje la manyowa, muzithirapo masamba ouma osesa pabwalo. Za nsomba ndi mafupa muzikwirira mozama, pamwamba phulusa kenako dothi, apo ayi agalu afukula. Nsima ndi mpunga wotsala, funsani woweta nkhuku kapena nkhumba pafupi, azibwera kudzatenga.

Dzenjelo mulisankhire malo mosamala. Likhale kumtunda, kutali ndi nyanja, komanso mamita osachepera 30 kuchoka pamjigo wanu. Mu 2024 nyanja inakwera kwambiri, inalowa m'malo ogona ambiri ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota, ndipo maenje amene anali pafupi ndi gombe anatulutsira zonse m'madzi momwe ana amasambira.

Zikachoka zonsezi mutsala ndi kagawo kochepa koma kouma mutu: majumbo, mapepala a bisiketi ndi a tchipisi, mabokosi oyera aja oikamo chakudya chogula, mabatire, matewera a ana. Izi m'mudzi mulibe ozifuna. Osaotcha, utsi wa pulasitiki ndi poizoni, ndipo umapita kwa anansi anu. Inu muli ndi mwayi woti mumayenda ndi galimoto pakati pa Senga ndi Lilongwe. Muzizisunga zouma mu mgolo wotseka, mukamabwerera muzinyamula, mukazipereke kwa otola zinyalala a mumzinda. Sindikunena kuti ku Area 38 kumene zimakatayidwa kuli bwino, koma kuli kutali ndi nsomba.

Za mabini opondera ndi phazi aja, ndalama zanu zisungeni. Achitsulo amachita dzimbiri ndi chinyezi cha kunyanja, mchenga umalowa m'chopondera chija n'kuuma, ndipo pusi amalitsegula mosavuta. Ndowa zapulasitiki zokhala ndi zivindikiro, ngati za Arkay zija zimapezeka paliponse, zikukwanirani m'nyumba. Panja gulani mgolo wapulasitiki wa malita 200 wokhala ndi chivindikiro chomangira ndi lamba wachitsulo, koma mufunse kuti munali chiyani, wa mankhwala a m'munda muusiye. Kenako mmisiri akumangireni kakhola ka njerwa ka chitseko ndi loko, migolo ndi masaka zizikhala mmenemo. Kuno tili m'kati mwa paki ya Lake Malawi, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, ndiye anyani timakhala nawo tsiku ndi tsiku. Nyani akazolowera kudya za m'bini amasiya kuopa anthu, amayamba kulanda chakudya m'manja mwa ana, mapeto ake anthu amamupha. Chimandiwawa chimenechi, chifukwa wolakwa amakhala ife osatseka bini.

Pa ndowa iliyonse mujambulepo chithunzi ndi penti, botolo, chitini, nthochi. Mawu okha ambiri sawerenga, makamaka usiku atamwa.

Mchemwali wa ku Cape Town

Achemwali, kwathu ndi ku Nkhata Bay koma ndili kuno ku Cape Town, ntchito yanga ndi yomweyi, kukonza nyumba za alendo a holide. Mlendo amatuluka 10 koloko m'mawa, wina amalowa 2 koloko masana, pakati pamenepo nyumba iyenera kuoneka ngati simunagone munthu. Ndiye ndikuuzani zimene manja anga amagwira.

Mabotolo ambiri aja asakuopseni. Zimene ndimagwiritsa ntchito tsiku lililonse ndi Sunlight wamadzi wotsukira mbale, sopo wa ufa wochapira, Handy Andy, Jik, viniga woyera ndi soda. Basi. Sunlight madontho ochepa m'ndowa ya madzi amakolopa matailosi bwinobwino, amapukutanso matebulo ndi mashelefu. Handy Andy ndi wa sinki, bafa ndi chitofu. Vim ndi wabwino pa mapoto ndi pasimenti, koma amakanda, musamuike pa bafa lapulasitiki kapena pamwamba pa chitofu chagalasi. Viniga ndiye mudzamukonda, popeza mwati madzi anu ndi apamjigo. Madzi otero amasiya zoyera zolimba pa mipope, pa shawa ndi m'ketulo. Nyowetsani kansalu ndi viniga, kulungani pampope, siyani kwa theka la ola, zimachoka zokha. Magalasi a mawindo ndi a m'bafa, viniga wosakaniza ndi madzi ndi nyuzipepala yakale. Soda ndi wa fungo: kambale kakang'ono m'filiji, ndipo uvuni mumaupaka phala la soda madzulo n'kupukuta m'mawa.

Ndalama imene mwapulumutsa pa mabotolo muiike pa nsalu zopukutira ndi zokolopera. Apa ndiye osaumira. Kuno timasiyanitsa ndi mitundu: zofiira ndi za kuchimbudzi kokha, zobiriwira ndi za kukhitchini, zabuluu ndi za kwina konse. Mopu akhale awiri, wa kubafa asalowe kukhitchini. Burashi ya chimbudzi ikhale m'bafa lililonse, osati imodzi yoyendayenda. Ngati nsalu za mitundu sizikupezeka, dulani mathaulo akale n'kusokerera kaulusi ka mtundu pakona.

Mdani wanu wamkulu kunyanja ndi mchenga, makamaka nthawi ya mwera. Mchenga sukolopedwa, umayamba waseseredwa, apo ayi umakanda matailosi n'kutseka mapaipi a bafa. Tsache la mgwalangwa la kumsika limautola bwino kuposa burashi yodula. Pakhomo lolowera kuchokera kunyanja muike mpope wotsika wotsukira mapazi, kapena beseni la madzi ndi chopondapo chokhakhala. Kanthu kakang'ono kameneka kadzachepetsa ntchito ya mayi anuwo ndi theka. Mugulenso tsache la mtengo wautali la akangaude. Kwathu ku Nkhata Bay nkhungu zikatuluka m'nyanja zimadzaza khonde lonse pozungulira magetsi, zimakodwa m'maukonde a akangaude, ndipo zikanyowa zimanunkha ngati nsomba. Zisesedwe zikadali zouma, madzi abwere pambuyo.

Cobra wofiira uja apake wochepa kwambiri n'kupukuta mpaka awale. Akachuluka amadetsa mapazi onyowa, mapaziwo amakwera pabedi, nsalu zoyera zathera pomwepo. Komanso amaterera.

Za nsalu zoyala ndi mathaulo, bedi lililonse likhale ndi zosintha zitatu: zoyala, zochapa, ndi zodikira m'kabati. Yesani kaye Jik pa kansalu kamodzi, chifukwa madzi ena apamjigo ali ndi dzimbiri, ndipo akakumana ndi Jik nsalu yoyera imasanduka yachikasu m'malo moyera. Dzuwa la ku Salima limayeretsa lokha. Koma aziyanika pachingwe, osati pamchenga kapena paudzu, ndipo chilichonse achisite, mathaulo omwe, chifukwa cha ntchentche ija imaikira mazira pa zovala zonyowa n'kusanduka mphutsi pakhungu. Mlendo mmodzi akabwerera kwawo ndi chotupa chotero, nkhani yake imafika patali.

Mlendo sayang'ana pansi poyamba. Amayang'ana tsitsi pa kabowo ka shawa, amanunkhiza pilo ndi filiji, amakweza tambula kuloza kuwala, amasuzumira pansi pa bedi ndi pamwamba pa neti. Malo amenewa muwalembe papepala, mulimate m'kati mwa chitseko cha kabati ya zotsukira.

Alendo muziwasiyira kabotolo kakang'ono ka sopo wa mbale, siponji yatsopano, kansalu, tsache ndi chowolera, ndi matishu okwanira. Zina zonse zikhale m'kabati yokhoma. Gulani zigubu za malita 5 pamtengo wopikulitsa ku Lilongwe muzithira m'timabotolo, zimatsika mtengo kwambiri.

Za mabini ndikugwirizana ndi achimwene a ku Chembe. Kuno nyumba imakhala ndi bini yakuda ya matayala ya malita 240, ndipo m'madera ena mabotolo, mapepala ndi zitini timaika m'majumbo oonekera m'kati, galimoto ina imadzatenga. Zimayenda chifukwa galimotoyo imabweradi sabata iliyonse. Kutengera mabini okha popanda galimoto sikungathandize. Ndipo anyani aliko kunonso, ku Kommetjie ndi ku Simon's Town mabini amachita kukhoma.

Chomaliza ndikupempheni monga munthu wogwira ntchito imeneyi. Musanagule kanthu, afunseni mayi akusesawo. Iwo akudziwa pamene pamadontha, pamene pamachita chuku nthawi ya mvula, ndi tsache limene limawapweteka msana. Muwagulire magolovesi olimba mapeya awiri, ofiira a kuchimbudzi ndi ena a kukhitchini, ndi nsapato zajombo. Ndipo kusesa nyumba yopanda anthu ndi kosiyana ndi kukonza nyumba imene mwagona anthu asanu ndi atatu ochita phwando. Malipiro awo muwaonenso.

Mlendo wa kawirikawiri, Blantyre

Ine ndilibe nyumba kunyanja, ndine amene timabwera kudzagona ndi banja. Mayi, m'bafa lililonse muikemo kabini kakang'ono kotseka, ndi kapepala konena mwaulemu kuti m'chimbudzi muzilowa tishu yekha. Popanda kabini, ana athu aakazi amasowa kotaya zawo ndipo amachita manyazi kufunsa, mapeto ake zimapita m'chimbudzi n'kutseka. Muikenso chidebe chachitsulo pafupi ndi pootchera nyama, cha phulusa ndi makala amoto, chifukwa anthu amakhuthulira m'bini yapulasitiki kapena pamchenga pamene ana akuthamanga. Malo ena ku Mangochi tinadzutsidwa m'mamawa ndi utsi wa majumbo akuotchedwa kuseri kwa chipinda chathu, mwana wathu wa mphumu anavutika tsiku lonse, ndipo sitinabwerereko. Mukachita zimene akuuzani a ku Chembe, mulembe pa tsamba lanu kuti simuotcha zinyalala. Ena a ife timasankha malo poona zimenezo.

Namwino wopuma, Salima

Mwanangu, mwachita bwino kufunsa musanatsegule. Ndagwira ntchito m'zipatala za m'mbali mwa nyanja mpaka kupuma, ndiye ndionjezerepo za mankhwalawa, chifukwa ena mwa iwo amavulaza.

Jik musamuchotse pa mndandanda poopa thanki ya chimbudzi. Tonse tikukumbukira kolera imene inayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023. Inapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a kunyanja kuno, Salima, Mangochi, Nkhata Bay, anali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Nyumba imene mukulowa anthu osiyanasiyana sabata iliyonse iyenera kukhala ndi klorini. Nkhani ndi kumugwiritsa ntchito moyenera. Onani pabotolo, Jik wamba amalembedwa 3.5%. Wopukutira chimbudzi, pansi pa bafa, zogwirira zitseko ndi mipope, sakanizani kapu imodzi ya Jik ndi makapu 16 a madzi ozizira. Yambani mwatsuka malowo ndi sopo n'kutsukuluza, popeza litsiro limamudya mphamvu klorini. Kenako pakani, dikirani mphindi 10, pukutani. Wosakanizayo ndi wa tsiku lomwelo, wa dzulo watha mphamvu. Botolo lenilenilo lizikhala pamthunzi, kutentha kumalifooketsa, ndiye musagule lambiri loti likhale miyezi.

Thanki ya chimbudzi imagwira ntchito ndi tizilombo timene timaoletsa zonyansa. Chimene chimatipha ndi kukhuthulira Jik wosasungunula m'chimbudzi tsiku ndi tsiku, kapena madzi onse onyikamo nsalu. Wochepa wopukutira sawononga kanthu. Madzi otsala m'ndowa azithiridwa pamalo a miyala kutali ndi nyanja ndi mjigo. Mafuta ophikira otsala nawo asalowe mu sinki, aziikidwa m'botolo.

Tsopano mvetsetsani apa, ndipo mukawauze mayi aja pamaso, osati pafoni. Jik sasakanizidwa ndi china chilichonse kupatula madzi. Harpic wambiri ali ndi asidi, viniga amene achemwali a ku Cape Town amuyamikira ndi asidinso. Zikakumana ndi Jik zimatulutsa mpweya wa klorini umene umaotcha maso ndi mapapo, ndipo m'bafa laling'ono lotseka munthu amatha kukomoka. Zotsukira zokhala ndi ammonia nazo n'chimodzimodzi. Anthu ambiri akhama amaganiza kuti kuthira ziwiri pamodzi ndiye kuyeretsa kwambiri. Ngati mukugwiritsa viniga lero pa mpope, tsukuluzani bwino, Jik abwere nthawi ina, zenera lili chotsegula. Kunena zoona, pokhala ndi viniga, burashi ndi Jik, Harpic mukhoza kumusiya, ndipo ngozi imodzi yachepa.

Pa zothira m'timabotolo ndisiyane pang'ono ndi achemwali. Sopo wa mbale thirani, palibe vuto. Koma Jik, parafini ndi mankhwala a tizilombo zikhale m'mabotolo ake enieni. M'nyumba mwanu mudzakhala mabotolo ambiri opanda kanthu a madzi ndi a Sobo, ndipo chiyeso chothiramo chidzakhalapo. Ana amene tinkawalandira atamwa parafini, ambiri anamupeza m'botolo la zakumwa. Alendo anu adzabwera ndi ana oyamba kuyenda, ndiye kabati ija ikhale ndi loko weniweni, kapena shelefu yam'mwamba.

Doom aziwaza alendo atachoka, mawindo n'kutsegulidwa asanalowe ena, ndipo asawaze pa ziwiya kapena pa maneti. Mankhwala a makoswe a chakudya aja musaike, nkhuku ndi agalu a anansi adzafa, gulani misampha. Ndipo pa sinki iliyonse pakhale sopo wosambira m'manja. Ndi wotchipa kuposa zonse zimene tatchulazi, koma m'malo ambiri ogona ndimapeza palibe.

Mwini nyumba ku Senga

Zikomo kwambiri nonse, amayi anamwino, achemwali, achimwene a ku Chembe, ndi inu a ku Blantyre. Ndaimbira mayi aja usiku wathawu. Akuti mlamu wawo amagulitsa thobwa pa msika wa ku Senga ndipo mabotolo amachita kugula, komanso pali bambo wina woweta nkhumba kuseri kwa mpanda wathu. Anandiuzanso kuti bafa la kumpoto limachita chuku padenga mvula ikayamba, ndiye Loweruka ndipita ndi mmisiri akaone pamodzi ndi malo omanga kakhola kaja.

Ndatsala ndi mafunso atatu kwa achimwene a ku Chembe. Banja likubwerali lili ndi khanda. Matewera otaya aja sangadikire ine masabata awiri mu mgolo ndi kutentha kwa Okutobala. Inu mumatani nawo? Funso lina, ndalama ya mabotolo ndi zitini, ngakhale ndi yochepa, imapita kwa ndani? Sindikufuna kuti idzayambitse kusamvana pakati pa mayiwo, mwana wawo ndi ife eni nyumba. Komanso m'mabini a kubafa ndiziyalamo chiyani, popeza majumbo opyapyala analetsedwa?

Wa ku Chembe

Mayi, ndalama ya mabotolo ndi zitini isiyeni yonse kwa amene akusankha ndi kutsuka. Munene poyera tsiku loyamba, onse awiri ali pomwepo, kuti za m'nyumba ndi za mayi, zotola pabwalo ndi pagombe ndi za mnyamata, ndipo si gawo la malipiro awo. Kwa ine chiyambireni kutero sindinapezenso botolo m'dzenje la manyowa, ndipo mnyamata wanga amatolanso a anthu ena amene nyanja yalavula pagombe pathu.

Matewera ndi ovutadi, nane sindinapeze njira yondikhutiritsa. Chimene ndimachita ndi ichi. Banja la khanda ndimalipatsa kandowa kotseka ndi thumba lochindikala, ndipo ndimawapempha pa uthenga asanafike kuti zonyansa azikhuthulira m'chimbudzi, thewera azilipinda n'kumata, ndipo pochoka anyamule thumbalo ngati abwera pa galimoto yawo. A ku Lilongwe ndi ku Blantyre ambiri amavomera mukawafotokozera kuti kuno kulibe wotola ndipo simukufuna kuotcha pafupi ndi nyanja. Otsalawo ali ndi dzenje lawolawo, lakuya, lopapatiza, lovindikira ndi silabu, kumtunda kwenikweni kwa malo anga. Tikataya timathira phulusa ndi dothi nthawi yomweyo kuti agalu ndi nkhumba zisafike.

Za majumbo, lamulo loletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 linabwera mu 2015, khoti lalikulu la apilo linaligwirizira mu 2019, ngakhale nkhaniyi inapitirira kukokanakokana m'makhoti. Kaya ena akugulitsabe, inu musawadalire. M'kabini ka kubafa yalani nyuzipepala yakale pansi, pokhuthula muzikulunga zonse pamodzi, kabiniko n'kutsukidwa ndi Jik wosungunula uja anena amayi anamwino. M'ndowa ya zakudya musayale kanthu, ingotsukani. Mu mgolo waukulu gwiritsani matumba a ufa kapena a shuga a makilogalamu 50, ndi olimba, amanyamulika bwino m'galimoto, ndipo mukawachapa amabwereranso.

Muonjezerenso chinthu chimodzi pa zogula zanu za Loweruka: chigubu cha malita 20 cha kampope, cha madzi akumwa osefa kapena owiritsa, ndi majagi awiri a m'filiji. Muwauze alendo pa uthenga womwe uja kuti madzi akumwa alipo, ndipo zakumwa agule za m'mabotolo obweza pa golosale za ku Senga komweko. Banja la anthu asanu ndi mmodzi nthawi yotentha limatha kumaliza timabotolo ta madzi makumi angapo pa masiku atatu, ndipo mlamu wa mayi aja sangatitenge tonse sabata iliyonse.